Timawanga Toyera ndi Mchere wa Elube

Ana anga, mutu uno ndaulemba chifukwa cha zimene ndinamva ku Nsipe tsiku limene tinkavundukula chiliza cha mayi anu aang'ono, Elube. Ena ankati Elube analodzedwa chifukwa cha nyumba yamalata imene amuna ake anamanga. Ena ankati chitsulo chimene ndinamuyezera kuchipatala ndicho chinamucheka m'kati n'kuyambitsa chilonda. Ena, amene mawu awo amandipweteka kwambiri, ankati ine ndinauza alamu anga kuti mkazi wawo ndi wachiwerewere. Zonsezi n'zabodza. Amene akuzinenawo panalibepo, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene anaonapo khomo la chiberekero ndi maso ake. Ine ndinagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba kuyambira ndili mtsikana mpaka imvi zinabwera, choncho ndilemba zimene ndinaona, monga zinachitikira.

1983: Kufupi ndi Lizulu

Nditamaliza sekondale ndi maphunziro a unamwino, ananditumiza ku kachipatala kena kakumtunda, kufupi ndi Lizulu, kumene mphepo ya mwezi wa Juni imalowa mpaka m'mafupa. Mkulu wathu anali Bambo Kamwendo, wothandizira dokotala, koma dera lonse linkangowatcha adokotala. Anali munthu wa kabudula wosita ndi masokosi aatali, wosaseka pantchito, ndipo ndi iwo amene anandiphunzitsa kuti namwino safika pantchito dzuwa litamutsogolera. Zipangizo zinali zochepa. Magolovesi tinkawachapa, n'kuwayanika pachingwe, n'kuwavalanso mpaka atang'ambika. Zimenezo sindidandaula nazo, chifukwa ana tinkabadwitsa ndipo ambiri ankakhala moyo.

Chimene sindinachizolowere ndi kachipinda kakumbuyo. M'menemo tinkagonekamo amayi amene ankabwera akutaya magazi osalekeza, ali ndi fungo limene odwala anzawo sankatha kulipirira. Woyamba amene ndinamusamalira anali mayi wogulitsa kachewere pamsika, amene anabwera pangolo atadzikulunga zitenje zambiri. Nditamuyeza ndinapeza khomo la chiberekero litadyeka, likutuluka magazi ndikangolikhudza. Ndinapita kwa Bambo Kamwendo.

"Adokotala, kodi chimayambitsa zimenezi n'chiyani?"

"Ndi khansa, mayi. Mabuku akuti kukwatiwa msanga ndi kubereka kwambiri. Koma inu musavutike ndi chimene chimayambitsa. Mupatseni asipirini, mutsegule zenera."

Ndinatsegula zenera. Kwa zaka zambiri, m'zipatala zonse zimene ananditumiza, ntchito yanga pa amayi oterewa inali yomweyo. Achibale ankawatenga kupita nawo kwa asing'anga, akumati ndi mauka kapena matsenga, ndipo ine ndinalibe choti ndiwatsutse nacho.

2006: Maphunziro, kenako Bwanje

M'chaka chimenechi ndinasankhidwa kukachita maphunziro a kuyeza khomo la chiberekero. Mphunzitsi wathu, mayi wina dokotala, anatifotokozera chimene Bambo Kamwendo anamwalira asakuchidziwa. Ndichilemba mosamala, chifukwa ndi pamene anthu amasokonezera. Pali kachilombo kotchedwa HPV kamene kamafala pogonana. N'kofala kwambiri moti anthu ambiri amene anakhalapo m'banja anakatengapo nthawi ina. Mwamuna amakanyamula osamva kalikonse, osaona chizindikiro. Mwa amayi ambiri thupi limakachotsa lokha. Koma mwa ena kamakhazikika pakhomo la chiberekero, n'kumasintha khungu la pamenepo pang'onopang'ono, popanda ululu, popanda magazi. Zaka zimapita, kawirikawiri khumi kapena kupitirira, ndipo malo osinthika aja amasanduka khansa. Mwa mayi amene ali ndi kachilombo koyambitsa Edzi zimafulumira. Choncho pakati pa kachilombo ndi khansa pali nthawi yaitali imene mayi angathe kupulumuka, ngati wina wayang'ana.

Kuyang'anako kunandidabwitsa ndi kuphweka kwake. Umatsegula njira ndi kachipangizo kokhala ngati mlomo wa bakha, n'kupaka viniga pakhomo la chiberekero, viniga yemweyo amene amathira m'tchipisi, n'kuunika ndi tochi. Pamene kachilombo kawononga pamayera. Timawanga toyera timeneto si khansa ayi, ndi chenjezo. Tikakhala tating'ono timapserezedwa ndi makina ogwiritsa ntchito gasi wozizira kwambiri, ndipo mayi amabwerera kwawo tsiku lomwelo. Anzanga m'kalasi anaomba m'manja. Ine ndinakumbukira mayi wa kachewere uja ndi zenera lija, ndipo manja anga anakana.

Nditabwerako ananditumiza ku chipatala china chaching'ono m'chigwa cha Bwanje, kotentha kumene tulo ta masana timagwira ngakhale munthu ataimirira. Mkulu kumeneko anali Bambo Zidana, mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, wanzeru ndi waulemu, koma wotopa. Tinatsegula kachipinda koyezera. Amayi ankabwera wapansi ndi panjinga kuchokera m'minda ya mpunga, matope akadali m'miyendo. Kuyeza sikunkavuta, chifukwa viniga akatha ndinkatuma wina kugolosale, mabatire akatha tinkakokera bedi pafupi ndi zenera. Vuto linali gasi. Ankabwera mu silinda yolemera kuchokera kutali, ndipo ikatha tinkadikira miyezi. Ndinkaona timawanga ndi maso anga, makina ali pakona atavundikiridwa ndi nsalu, n'kumuuza mayi kuti, "Mudzabwerenso mwezi wamawa." Mawu amenewo ndimadana nawo mpaka lero. Ambiri sankabweranso, ndipo ena ndinadzakumana nawo patapita zaka, atagona m'kachipinda kakumbuyo.

2011: Elube

Elube anali mng'ono wanga womaliza, amene ndinamubereka kumsana amayi athu ali kumunda. Anakwatiwa ku Nsipe ndi Bambo Wilisoni, ndipo anakakhala kwawo kwa mwamuna, pakhomo limodzi ndi apongozi ake, aNajere. Wilisoni ankagwira ntchito m'mafamu a ku Joni, monga bambo ake anagwirira m'migodi, ndipo ankabwera kamodzi pachaka, nthawi ya Khirisimasi, kwa masabata ochepa. Elube anali woseketsa, woimba bwino m'gulu la amayi a kumpingo, wosadwaladwala.

Chakumapeto kwa chilimwe anabwera ku Bwanje kudzagula mpunga, ndipo ndinamukakamiza kuti ayezetse.

"Achemwali, inu mukufuna kundithira viniga ngati ndine kabichi?" anatero akuseka, akukwera pabedi. "Mukapeza ndalama m'menemo tigawana."

Ndinaunika, ndipo ndinaona kawanga koyera, kooneka bwino, pamlomo wam'mwamba wa khomo la chiberekero. Gasi kunalibe. Ndinamufotokozera zonse, ndipo ndinamuuza kuti gasi akangofika ndidzamuitana. Anavomera mosavuta.

Gasi anafika kumayambiriro kwa Disembala. Ndinamuimbira foni, iye n'kuti ali otanganidwa ndi kubzala. Ndinaimbanso, n'kuti akuzira nyumba. Loweruka ndinakwera minibasi kupita ku Nsipe. Ndinamupeza akusankha nyemba kuseri kwa khitchini, ndipo ndinamukumbutsa zimene zimatsatira chithandizocho: mayi amatuluka madzi kumaliseche kwa masabata angapo, ndipo sayenera kukhala malo amodzi ndi mwamuna kwa mwezi wathunthu kapena kupitirira, kuti pachilonda papole.

"Ndi zimenezo ndikuzithawa," anatero motsitsa mawu. "Abambo a Tadala akufika sabata yamawa. Munthu wakhala chaka chonse m'thengo, ine ndimulandire ndi mawu akuti dikirani mwezi? Mweziwo ukamatha iye ali m'basi."

"Ukhoza kumuuza kuti anamwino aletsa. Zikavuta pali makondomu."

"Makondomu? Ine ndiwatulutse m'chikwama changa? Achemwali, mwaiwala kodi kuti ukwati ndi chiyani?" Kenako analoza ndi mutu kunyumba ya apongozi ake. "Ndiponso pali mchere."

Ana anga, inu munakulira m'nyumba za chipatala, mwina simukudziwa. Kwathu mayi akakhala kumwezi, kapena akamatuluka chilichonse kumaliseche, sathira mchere m'ndiwo. Amaitana mwana kuti adzathire, chifukwa akuluakulu amati akathira yekha apakhomo adwala tsempho, matenda otsokomola ndi kutupa. Ife ndife Akhristu, koma mwambo umenewu aNajere ankausunga monga ankasungira Sabata, ndipo Elube ankaukhulupirira ndi mtima wonse. Tanthauzo lake n'lakuti thupi la mkazi lilibe chinsinsi pakhomo. Aliyense amene wamva mwana akuitanidwa kukhitchini amadziwa.

"Masiku ochepa pamwezi palibe amafunsa," anatero Elube. "Koma mwezi wonse ndikuitana mwana, mwamuna ali pakhomo? Amayi adzafunsa kuti ndadwala chiyani. Ndikadzati kachilombo kopatsirana pogonana, mwamuna kulibe chaka chonse, adzati ndakatenga kuti? Tidzachite mu Januwale, akapita."

"Mu Januwale gasi adzakhala atatha. Pamzere pali amayi ambiri."

"Ndiye tidzadikira wina. Ine sindikumva kuwawa paliponse. Ndipo achemwali, musauze munthu. Ndakupemphani."

Ndinabwerera ku Bwanje ndili ndi mtolo umene sindinausenzepo. Ndinkadziwa kuti gasi wotsatira akhoza kudzafika patapita theka la chaka. Ndinkadziwanso mng'ono wanga: chimene wachizengereza kamodzi sachichitanso. Lamulo la ntchito yathu limati za wodwala sizituluka popanda chilolezo chake, ndipo ine ndinali ndisanaliswepo. Ndinawafunsa Bambo Zidana, osatchula dzina.

"Mayi, lamulolo mukulidziwa kuposa ine," anatero. "Mukaulula, mwina mupulumutsa chiberekero n'kupha banja. Mukasunga, mwina musunga banja n'kuika maliro. Ine sindingakusankhireni."

Ndinasankha ndekha. Ndinaganiza kuti munthu mmodzi yekha ndiye akanatha kumasula Elube, ndipo ndi mwamuna wake. Iye akanati, "Pita ukachiritsidwe, ndidikira," aNajere sakanayankhula kanthu. Wilisoni ndi ine tinali pachilamu chenicheni, tinkanyozana ndi kuseka, ndipo ndinkamuona ngati munthu woyenda, womva zinthu.

Ndinakumana naye pa Nsipe, pabenchi la kanyumba kogulitsira tiyi, atavala jekete lachikopa dzuwa likuswa mtengo.

"Alamu anga a jakisoni!" anafuula. "Mwabwera kudzalanda bulangete lanu? Ndakugulirani la nyalugwe, loti muzifunda ku Bwanje mpaka mupse."

"Inu ndi jekete limenelo mwapsa kale, alamu. Khalani pansi, ndili ndi nkhani."

Tsopano mvetsetsani mawu amene ndinanena, chifukwa ndi amene akhala akupotozedwa. Ndinati Elube ali ndi kawanga pakhomo la chiberekero kamene si khansa, koma kakhoza kudzasanduka khansa. Ndinati kakhoza kuchotsedwa sabata yomweyo, ndipo chofunika kwa iye ndi kudziletsa kwa mwezi umodzi. Anamvetsera bwino, akugwedeza mutu. Kenako anafunsa kuti kawangako kamabwera bwanji. Ndikanatha kunama kuti kamangobwera. Sindinanamizepo munthu pa nkhani ya matenda, ndipo sindinafune kuyamba tsiku limenelo. Ndinati kamayamba ndi kachilombo kopatsirana pogonana, kamene munthu akhoza kukhala nako zaka zambiri, ngakhale kuyambira pa chiyambi cha ukwati, ndiponso kuti amuna amakanyamula osadziwa, choncho palibe amene angaloze mnzake chala.

Kapu ya tiyi anaiika pansi.

"Ndiye mukuti ndabwera nako ndine?"

"Sindinatero, alamu. Ndati palibe angadziwe."

"Ine kuntchito amatiyeza magazi, ndipo ndilibe kanthu. Thupi langa ndi ili, ndionetseni pamene pali chilonda. Ngati ine ndili bwino, iye wadwala, ndipo ine kuno kulibe chaka chonse, mukufuna ndiganize chiyani?"

Ndinamuuza kuti magazi amene amawayeza kumeneko ndi a kachilombo kena. Ndinabwereza zonse kuyambira pachiyambi. Koma iye anali atasiya kumva. Anaimirira, n'kunena kuti, "Zikomo, anesi," ndipo kuyambira tsiku limenelo sananditchulenso alamu.

Zimene zinachitika pakhomo ndinazimva kwa ankhoswe athu, malume anu. Wilisoni anauza amayi ake, ndipo nkhani inakambidwa pamaso pa ankhoswe a mbali zonse. Elube analumbira kuti sanadziwepo mwamuna wina, ndipo ine ndikudziwa kuti ankanena zoona. Kenako anati alibe matenda aliwonse, achemwali ake anaona molakwa. Pofuna kutsimikiza, analowa m'khitchini anthu onse akuona, n'kutapa mchere ndi dzanja lake, n'kuthira m'ndiwo za alendo. Onse anadya. Palibe amene anatsokomola, ndipo mlandu unathera pomwepo. Banja linapulumuka. Koma kuyambira tsiku limenelo, kubwera kuchipinda changa choyezera kukanakhala kuvomera mlandu umene anaukana pamaso pa anthu.

Anandiimbira foni kamodzi kokha. "Ndinakupemphani," anatero. "Inu muli ndi odwala ambiri. Ine ndinali ndi achemwali amodzi."

Gasi uja anatha Januwale asanafike pakati. Anathandiza amayi ena, ndipo ena mwa iwo ndimakumana nawo pamsika mpaka lero, ali ndi zidzukulu kumsana.

2018: Mchere

Zaka zinapita ine ndi Elube tikungopatsana moni pamaliro. Ndinamulembera, ndinatuma malume anu, ndinamupempha kuti akayezetse kwina kulikonse kumene kulibe ine. Sanapite. ANajere atamwalira, ndipo Wilisoni atabwerera kumudzi chifukwa cha msana, mtima wa Elube unayamba kufewa. M'chaka chimenechi anandiitana kuti ndikaone nyumba yatsopano ija.

Ndinamupeza ataonda pang'ono, koma nthabwala zili zomwezo. Tinakhala m'khitchini iye akuphika nkhwani. Anali atandiuza kale, tikucheza pamaliro a apongozi ake, kuti anasiya kusamba, akuseka kuti tsopano wasanduka mwamuna. Ndiwo zitatsala pang'ono kupsa, anasuzumira pakhomo n'kuitana mdzukulu wake, mwana wa Tadala.

"Iwe, tabwera udzathire mchere."

Mwanayo anabwera, n'kutapa mchere osafunsa muyeso, ngati munthu amene wakhala akuchita zimenezo tsiku ndi tsiku. Atatuluka, ndinatembenukira kwa mng'ono wanga.

"Elube, unandiuza kuti unasiya kusamba."

Anapitiriza kutakasa ndiwo.

"Zayamba liti?"

"Chaka chatha, nthawi yokolola," anatero osandiyang'ana. "Musakalipe, achemwali. Ndatopa."

Sindinakalipe. Tsiku lotsatira analola kuti ndimuyeze. Viniga sanafunikenso. Chimene ndinaona ndi chimene ndinaona kwa mayi wa kachewere uja ndili mtsikana. Ndinapita naye kuchipatala chachikulu, kumene anatiuza kuti khansa yafalikira moti opaleshoni singathandize, ndipo makina owotcha khansa yotere nthawi imeneyo anali kunja kwa dziko. Tinabwerako ndi botolo la mankhwala amadzi opha ululu. Pa ntchito yanga yonse, kusiyana kwa asipirini wa Bambo Kamwendo ndi botolo limenelo ndiko kupita patsogolo kumene mng'ono wanga anakulawa.

2019: Nsipe

Ndinatenga tchuthi n'kukakhala naye. Ndinkamusambitsa, kumuchapira nsalu, ndi kufukiza makala m'chipinda kuti fungo lichepe. Wilisoni ankakhala pakhonde tsiku lonse, osalowa, osachoka. Sindimuweruza. Sanamumenyepo mkazi wake, ndipo anagulitsa ng'ombe zake kuti tiyendere kuchipatala. Anafunsa funso limene mwamuna aliyense wa kwathu akanafunsa, ndipo ine ndinayankha zoona. Ndaganizira nkhaniyi kuchokera mbali zonse. Ndikanakhala chete, Elube akanadikira Januwale, gasi n'kutha, iye n'kuzengereza. Ndinayankhula, chitseko n'kutsekeka. Njira zonse ziwiri zinkapita ku Nsipe, kumanda. Sindilemba izi kuti ndipepese, ndipo amene akuti ndinatchula mng'ono wanga wachiwerewere abwere adzanene pamaso panga.

M'chaka chomwecho katemera woteteza ku kachilomboka anayamba kuperekedwa kwa atsikana aang'ono m'sukulu, ndipo ku Bwanje tinalandira makina atsopano osafuna gasi. Ndinawagwiritsa ntchito miyezi yochepa ndisanapume. Ndikanakonda kukuuzani kuti nkhani yathera pamenepo. Koma Tadala, mwana wa Elube yemwe, anakana kuti mwana wake abayidwe katemerayo, ndipo iye mwini sanayezetsepo. Nditamufunsa pa tsiku la chiliza lija, anandiyankha mwaulemu, maso ali pansi: "Amayi aakulu, amayi anga anali bwinobwino mpaka tsiku limene munawalowetsa chitsulo." Mwamuna wake nayenso ali ku Joni. Ndamutumizira uthenga kangapo. Mutu uno mukamupatse awerenge, ngakhale sindikhulupirira kuti pepala lidzachita chimene pakamwa panga palephera.

Masiku omaliza Elube sankayankhula zambiri. Tsiku lina masana, nditangomutembenuza, anandigwira dzanja.

"Achemwali," anatero. Kwa zaka zambiri ndinali ndisanamumve akulitchula mofewa chonchi dzina limeneli. "Kawanga kaja munakaona ku Bwanje, kanali kakakulu bwanji?"

Ndinamuonetsa chikhadabo cha chala changa chaching'ono.

Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Basi?"

"Basi."

"Nanga kukachotsa kukanatenga nthawi yaitali bwanji?"

"Madzi a tiyi asanawire ukanakhala utatsika pabedi."

Sanalire. Anatembenuzira nkhope kukhoma, n'kunena kuti m'chipindamo mwatentha. Ndinadzuka, ndipo ndinatsegula zenera.